Chuma chili mu guluu: momwe kampani ya Henkel idawolokera mavuto a 2022

M'chaka cha 2024 kampani ya Henkel, yomwe likulu lake lili mumzinda wa Düsseldorf m'dziko la Germany, idagulitsa katundu wa ndalama zokwana mayuro 21.6 biliyoni. Ndalama zimenezi zikuposa chuma chonse chomwe dziko la Malawi limapanga pachaka, kuwerengera fodya, tiyi, shuga, chimanga ndi ntchito zonse za m'maofesi.

Chodabwitsa n'chakuti theka la ndalamazi lidachokera ku zinthu zomwe ambiri saziwerengera n'komwe: guluu, mankhwala omatira ming'alu komanso mankhwala opaka pazitsulo kuti zisachite dzimbiri. Theka linalo lidachokera ku sopo wochapira, mankhwala otsukira m'nyumba ndi mankhwala a tsitsi.

Dzina loti Henkel silidziwika kwenikweni kuno, koma katundu wake ngodziwika. Pritt, guluu uja ana asukulu amamatira mapepala, ndi wa kampaniyi. Chimodzimodzinso Pattex, yemwe amisiri a matabwa ndi osoka nsapato amamudziwa, ndi Loctite, yemwe amakanika amathira pabawuti kuti asamasuke. Pankhani ya guluu, palibe kampani ina padziko lonse yomwe imagulitsa kuposa iyi.

Komatu zaka zapitazi sizidali zophweka. Nkhondo ya ku Ukraine idakweza mitengo ya zipangizo, kampaniyi idataya msika wake wonse wa ku Russia, ndipo phindu lidatsika kwambiri mu 2022. Patangotha zaka ziwiri phindulo lidabwerera n'kuposa pomwe lidali kale. Kodi zidatheka bwanji, nanga adalipira ndani?

Guluu adabwera mwangozi

Mwini kampaniyi, Fritz Henkel, sadayambe ndi guluu. Iye adatsegula kafakitale ka sopo waufa mumzinda wa Aachen mu 1876, ndipo patatha zaka ziwiri adasamukira ku Düsseldorf komwe kudali njanji ndi mtsinje wa Rhine wotumizira katundu. Mu 1907 kampaniyi idatulutsa sopo wotchedwa Persil, yemwe adatchuka chifukwa amayi sankafunikanso kupikicha zovala tsiku lonse.

Sopoyu ankagulitsidwa m'timakatoni, ndipo timakatoniti tinkatsekedwa ndi guluu wogula kumakampani ena. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, dera la mtsinje wa Rhine lidali m'manja mwa asilikali a mayiko omwe adapambana nkhondoyo, ndipo katundu sankayenda bwino. Guluu adayamba kusowa. Sopo adalipo, ogula adalipo, koma chotsekera katoni padalibe.

Akuluakulu a kampaniyi adaganiza zongopanga okha guluuyo. Adayamba mu 1922 kupangira fakitale yawo yokha, ndipo mu 1923 adayamba kugulitsako kwa ena. Bizinesi yomwe idayamba ngati njira yongozembera vuto ndiyo lero ikubweretsa pafupifupi mayuro 11 biliyoni pachaka.

Luso lina adatulukira okha, lina adachita kugula

Nkhani ya Pritt ndi yomwe kampaniyi imakonda kufotokoza. Katswiri wake wina, Wolfgang Dierichs, adaona mayi akudzola mankhwala ofiiritsa milomo, aja amatuluka m'kachubu munthu akapotokola kumunsi. Iye adadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani guluu sangaikidwe m'kachubu kotere, kuti mwana asamadetse zala ndi malaya. Pritt adafika pamsika mu 1969. Mbali yaikulu ya Pritt wa masiku ano ndi madzi ndi sitachi ya mbatatesi, kutanthauza kuti ndi mbale wake wa phala la ufa wa chinangwa lomwe anthu amamatira mapepala pakhoma.

Loctite ndiye sadabadwire ku Germany. Adamutulukira mu 1953 ndi Vernon Krieble, mphunzitsi wa sayansi pasukulu ya ukachenjede ya Trinity College mumzinda wa Hartford ku America. Guluu ameneyu ali ndi khalidwe lachilendo. Akakhala pomwe pali mpweya amakhalabe wamadzimadzi, koma akangolowa pakati pa bawuti ndi nati, pomwe mpweya sufika, amauma gwa. Injini ingagwedezeke bwanji, bawutiyo samasuka. Aliyense yemwe adayendapo paminibasi mumsewu wa mabampu akhoza kumvetsa kufunika kwa kadontho kameneka.

Henkel idayamba yagulako masheya m'kampani ya Loctite, kenaka mu 1997 idaigula yonse. Mu 2008 idagulanso nthambi ya guluu ndi zipangizo zamagetsi ya kampani ya National Starch pamtengo woposa mayuro 3 biliyoni. Apa ndi pomwe idasiya opikisana nayo kutali.

Ngakhale supa guluu, yemwe Loctite imagulitsa kwambiri, ndi nzeru ya ena. Harry Coover adakumana ndi mankhwalawa mu 1942 akufufuza pulasitiki yoonekera yoika pamfuti, ndipo adawataya chifukwa ankamatirira paliponse. Adadzawakumbukira mu 1951 ali kukampani ya Eastman Kodak, ndipo adayamba kugulitsidwa mu 1958. Guluu ameneyu amauma akakhudzana ndi chinyezi, n'chifukwa chake amagwira zala msanga kuposa mbale yomwe munthu akufuna kulumikiza.

Choncho kunena kuti Henkel idakula chifukwa cha nzeru za akatswiri ake okha n'kunena mbali imodzi ya nkhani. Mbali ina ndi thumba. Ikaona kampani yaing'ono yomwe yatulukira chinthu chabwino, imaigula n'kufalitsa chinthucho m'mayiko onse momwe ili kale ndi ogulitsa.

Guluu yemwe saoneka

Timachubu ta m'sitolo ndi gawo laling'ono chabe la bizinesiyi. Ndalama zenizeni zili m'migolo ndi m'matumba omwe amapita kumafakitale, komwe guluu amalowa m'katundu ndipo wogula samuonanso.

Thewera lotaya la mwana lili ndi zigawo zingapo, ndipo chomwe chimazigwira ndi guluu wosungunula ndi moto. Pepala la pabotolo la chakumwa ndi lomata. Katoni yonyamulira sopo ndi mapepala atatu omatidwa pamodzi ndi sitachi. Paketi ya bisiketi kapena ya mkaka waufa ndi timapepala ta pulasitiki ndi aluminiyamu tophatikizidwa ndi guluu kuti mpweya usalowe. Ndudu ya fodya imatsekedwa ndi kamzere ka guluu. Soli ya nsapato zamasewera siisokedwa, imamatidwa. Galasi lakutsogolo kwa galimoto zamakono silikhalanso mulabala ngati kale, limamatidwa kuthupi la galimotoyo ndipo limathandiza kulimbitsa denga pangozi.

Opanga galimoto akhala akuchepetsa kuwotcherera chifukwa akufuna galimoto zopepuka zomwe sizimwa mafuta ambiri. Pofuna kupepukitsa amasakaniza chitsulo, aluminiyamu ndi pulasitiki, zinthu zomwe sizilolana kuwotcherera pamodzi. Guluu ndiye amaziyanjanitsa. M'galimoto zoyendera magetsi ntchito yake yakula kuposa apa, pakuti batire imafuna phala lapadera lomwe limachotsa kutentha kuti isayake moto. Mufoni ya m'manja namonso malo ndi ochepa kwambiri moti timabawuti sitingakwane ponseponse. Sikirini, kamera ndi batire zimakhala pamalo ake chifukwa cha timadontho tosaoneka ndi maso.

Chinsinsi cha phindu chagona pamenepa. Pamtengo wonse wopangira galimoto kapena foni, guluu ndi kachigawo kochepetsetsa. Koma akalephera kugwira, chinthu chonsecho chawonongeka, ndipo mbiri ya wopangayo yaipa. Fakitale isanavomere guluu watsopano imayamba yamuyesa kwa miyezi, nthawi zina zaka: pamoto, pozizira, pachinyezi, pogwedeza. Makina ake amachunidwa molingana ndi guluu ameneyo. Ikamaliza zonsezi siingasinthe wogulitsa chabe chifukwa wina watsitsako mtengo pang'ono.

Ndiye kuti guluuyo amamata zinthu ziwiri: katundu, komanso kasitomala. Wogulitsa simenti kapena shuga alibe mwayi wotere, chifukwa wogula akhoza kupita pasitolo ina mawa lomwe.

Chaka cha mavuto

Mphamvu imeneyi idayesedwa mu 2022. Guluu wambiri wa m'mafakitale amapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka ndi gasi. Mliri wa Covid-19 udali utasokoneza kale maulendo a sitima zapamadzi, ndipo dziko la Russia litalowa ku Ukraine mu February chaka chimenecho, mtengo wa gasi ku Ulaya udakwera modetsa nkhawa. Henkel idati zipangizo ndi mayendedwe zidaidyera pafupifupi mayuro 2 biliyoni owonjezera m'chaka chimodzi chokhacho.

Kampaniyi idakweza mitengo, ndipo idakweza kwambiri. Zotsatira zake, ndalama zolowa zidafika mayuro 22.4 biliyoni mu 2022, zambiri kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo, ngakhale kuti katundu weniweni yemwe adatuluka m'mafakitale adachepa. Koma kukweza mitengoko sikudakwanitse kutseka dzenje lonse. Mu 2021, pa mayuro 100 alionse omwe idagulitsa, kampaniyi inkatsala ndi phindu la mayuro 13.4 isanalipire msonkho ndi chiwongoladzanja. Mu 2022 phindulo lidatsika kufika pa 10.4.

Pamwamba pa izi padali nkhani ya Russia. Henkel idali ndi mafakitale 11 ndi antchito pafupifupi 2,500 m'dzikomo, ndipo inkapezamo ndalama zoyandikira yuro 1 biliyoni pachaka. Poyamba idazengereza kuchoka, zomwe zidakwiyitsa anthu ambiri kwawo ku Germany kuphatikizapo ena mwa eni masheya. Mu April 2022 idalengeza kuti ikuchoka, ndipo mu April 2023 idagulitsa bizinesi yonseyo kwa amalonda a ku Russia pamtengo wa pafupifupi mayuro 600 miliyoni.

Mkulu wa kampaniyi, Carsten Knobel, yemwe adatenga udindowu mu January 2020, adaphatikizanso nthambi ya sopo ndi ya zodzoladzola kukhala imodzi, n'kusiya kupanga mitundu ya katundu yomwe sinkabweretsa phindu lokwanira. Pafupifupi anthu 2,000 adataya ntchito pakusinthaku.

Manambala a zaka zotsatira ndi omwe akufunika kuwayang'anitsitsa. Mu 2023 ndalama zolowa zidatsika kufika mayuro 21.5 biliyoni, koma phindu lidakwera kufika pa 11.9 pa 100 alionse. Mu 2024 ndalama zolowa zidangosuntha pang'ono kufika 21.6 biliyoni, koma phindu lidafika pa 14.3, kuposa pomwe lidali nkhondo isanayambe. Mwachidule, kampaniyi idagulitsa zochepa kuyerekeza ndi 2022 koma idatsala ndi zambiri m'thumba.

Akuluakulu ake amati izi zidatheka chifukwa chochepetsa ndalama zoyendetsera ntchito komanso kuika mtima pakatundu wapamwamba. Zimenezo n'zoona ndithu. Koma pali chinanso chomwe wogula aliyense amachidziwa popanda kupita kusukulu ya zachuma: mtengo umakwera ndi liwiro la kalulu, potsika umayenda ngati kamba. Gasi ndi zipangizo zina zitayamba kutsika, mitengo yomwe idakwezedwa mu 2022 siidabwerere pomwe idali. Kusiyana kwakeko ndiko kudasanduka phindu.

Chinanso chomwe chidathandiza ndi umwini. Zidzukulu za Fritz Henkel zidakali ndi masheya oposa theka mwa omwe ali ndi mphamvu yovota, ndipo mmodzi wa iwo, Simone Bagel-Trah, wakhala wapampando wa bungwe loyang'anira kampaniyi kuyambira 2009. Banja lomwe lasunga bizinesi kuyambira 1876 silithamangira kugulitsa chifukwa cha chaka chimodzi choipa.

Nanga ndalamazo zidachokera m'thumba la yani? Fakitale ya matewera kapena ya nsapato ikagula guluu mokwera, imaika mtengowo pakatundu wake. Woitanitsa katunduyo amawonjezerapo zake, wa golosale nayenso zake. Wotsiriza pamzerewu alibe wina womupatsira. Kwa wogula wa ku Malawi mtolowu udalemera kawiri, chifukwa m'nyengo yomweyo kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenakanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mmisiri wa mipando yemwe amagula chitini cha guluu wochokera kunja adalipira nkhondo ya ku Ukraine ndi kugwa kwa kwacha pa lisiti imodzi. Ambiri zikatere amatembenukira ku guluu wotsika mtengo wosadziwika komwe wachokera, ndipo mpando ukakanganuka patatha miyezi itatu, wonyozedwa ndi mmisiriyo.

Nkhondo yolimbana ndi dzimbiri

Mbali ya mankhwala opaka pazitsulo siimveka kawirikawiri, koma ikukula. Thupi la galimoto lisanapakidwe penti limayamba lamizidwa m'madzi a mankhwala omwe amasiya kachikopa kopyapyala pachitsulo. Kachikopako ndi komwe kamagwira penti ndi kuletsa dzimbiri. Henkel imagulitsa mankhwalawa pansi pa dzina la Bonderite. Njira yakale inkafuna madzi otentha ndipo inkasiya matope ambiri oyenera kutayidwa mosamala. Njira zatsopano zimagwira ntchito ndi madzi osatentha kwambiri ndipo zinyalala zake n'zochepa, zomwe zimapulumutsa ndalama za magetsi kufakitale.

Mu 2024 kampaniyi idagula Seal for Life, kampani yopanga zokutira mapaipi a madzi, a mafuta ndi a gasi. Maganizo ake ngosavuta kumva: mapaipi ndi milatho yambiri ku Ulaya ndi ku America yakalamba, ndipo kukonza n'kotsika mtengo kusiyana ndi kumanga zatsopano.

Pakafukufuku, Henkel imawononga pakati pa mayuro awiri ndi atatu pa 100 alionse omwe yagulitsa. Mu 2022 idatsegula nyumba yaikulu yofufuzira za guluu ku Düsseldorf, yomwe idadya mayuro 130 miliyoni. Makasitomala amabwera komweko ndi zida zawo kudzayesera limodzi ndi akatswiri, njira inanso yowamangirira kuti asapite kwina. Ndipo kwina kulipo: H.B. Fuller ndi 3M za ku America, Sika ya ku Switzerland ndi Bostik ya ku France zonse zikulimbirana mafakitale omwewo.

Sikuti kusintha konse kumabwera chifukwa cha mtima wabwino wa makampani. Guluu wa nsapato wa mtundu wakale ali ndi mankhwala ouluka omwe amaledzeretsa ndi kuwononga ubongo, ndipo ana a m'misewu m'mayiko ambiri amamununkhiza pofuna kuiwala njala. Kampani ya H.B. Fuller idadzudzulidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha guluu wake wotchedwa Resistol m'mayiko a Honduras ndi Guatemala, mpaka idasintha kapangidwe kake. Malamulo oteteza antchito a m'mafakitale nawo akhala akukankhira makampani onse, kuphatikizapo Henkel, ku guluu wosungunula ndi madzi m'malo mwa mankhwala oukirawo.

Tsopano akufuna guluu womasuka

Vuto lalikulu lomwe lili kutsogolo kwa Henkel ndi anzake ndi loseketsa pang'ono. Kwa zaka 100 akhala akupikisana kuti guluu wa yani amagwira kwambiri. Tsopano akuuzidwa kuti guluu wawo akugwira mopitirira muyeso.

Wokonza mafoni pamsika amalidziwa bwino vutoli. Mafoni akale munthu ankangotsegula chivindikiro ndi chala n'kusintha batire. Ambiri a masiku ano ngomatidwa, moti pofuna kufika pabatire mmisiri amayamba wawotcha m'mbali ndi mpweya wotentha, kenaka n'kumatokosa pang'onopang'ono. Dzanja likaterereka sikirini yasweka, ndipo batire ikabooka ikhoza kuyaka. Foni yomwe ikadagwira ntchito zaka zina ziwiri imatayidwa chifukwa cha batire yokha.

Chimodzimodzinso mapaketi aja a zigawozigawo. Amasunga chakudya bwino, koma pulasitiki ndi aluminiyamu zikamatidwa pamodzi n'zovuta kuzilekanitsa kuti zipangidwenso china. Mathero ake ndi kudzala, m'ngalande kapena pamoto.

Mayiko a mu mgwirizano wa European Union adakhazikitsa lamulo mu 2023 loti kuyambira February 2027, mabatire a m'zipangizo zonyamula m'manja azikhala oti mwini wake akhoza kuchotsa ndi kusintha yekha, popanda kuwotcha kapena kuthira mankhwala osungunula guluu, kupatula zipangizo zina zomwe lamulolo lazipatula. Msika wa ku Ulaya ndi waukulu moti opanga zipangizo sangaunyalanyaze, ndipo kawirikawiri sapanga mtundu wina wa ku Ulaya ndi wina wa kwina.

Pali njira ziwiri. Opanga mafoni akhoza kubwerera ku timabawuti ndi zokowera, zomwe zingachepetse malonda a guluu. Apo ayi, opanga guluu apeze guluu yemwe amagwira zolimba kwa zaka koma n'kumasuka akalamulidwa. Henkel ndi opikisana nayo akugwira ntchito pa njira yachiwiriyi, kuyesa guluu yemwe amalekerera akalandira kutentha kwa mlingo winawake, kuwala kwapadera kapena mphamvu ya magetsi.

Zoterezi zidayamba kale kuoneka pamsika. Mu 2024 kampani ya Apple idatulutsa foni ya iPhone 16 yomwe batire yake idamatidwa ndi guluu womasuka ndi magetsi. Mmisiri amalumikiza mawaya awiri ku kabatire ka mavoti 9, n'kudikira pafupifupi mphindi imodzi ndi theka, ndipo batire ya foniyo imanyamuka popanda kuikanganula. Guluu wotere ngokwera mtengo kuposa wamba, ndipo wayambira m'mafoni odula. Mafoni otsika mtengo, omwe ndiwo amadzaza mabenchi a okonza mafoni m'misika ya kuno, ambiri akadali omatidwa mwakale.